Pulofesola Wosamva Chisena

Mpaka lero azakhali anga akafuna kuseka amangondiyang'ana kumiyendo n'kunena kuti, "Chikukwera." Ndimaseka nawo, koma mumtima ndimafuna nthaka itandimeza.

Pa mayeso a Fomu 4 masamu anandigwetsa, koma Chingerezi ndinakhoza bwino zedi. Ndinakhala kwathu ku Bangula ndikuthandiza amayi kugulitsa nsomba, uku ndikulota zodzabwereza masamuwo ndikapeza poyambira. Kenako azakhali, amene anakwatiwa ku Mutarara ku Mozambique, anaimba foni. Anati kumeneko kuli amayi a geni amene amakaoda katundu ku Joni, ndipo akufuna wowaphunzitsa Chingerezi. Ndikakaphunzitsa kamodzi iwo n'kukhutira, ntchito ndi yanga. Lamlungu lomwelo tchalitchi chonse chinamva kuti ndikupita kunja. (Sindinatchule kuti kunjako n'kongodutsa malire pa Marka, komanso kuti mbali ina ya ulendowo inali ya pakabaza.)

Koma kunja n'kunja ndithu. Ine wokulira m'mbali mwa Shire ndinkati madzi ndimawadziwa. Nditaona Zambezi ndinangoti kukamwa yasa! Tsidya lake linkaoneka ngati utsi, ndipo mlatho wa sitima unkangopita, kupita, mpaka maso kutopa. Tiana tamamina tinkalankhula Chipwitikizi chothamanga ngati wailesi. Ndinadzifunsa kuti, anthu otere angalembe ntchito mtsikana wonunkha mlamba wowamba?

Apa m'pamene nzeru yanga inabadwira. Ndinaganiza kuti mphunzitsi weniweni wochokera kunja samva chilankhulo cha ophunzira ake. Choncho Chisena, chimene ndinayamwira kubere komanso chimene amalankhula ku Mutarara, ndinatsimikiza zochisiya kunyumba.

"Usachite zamisala iwe," anatero azakhali. "Amayi amenewo si ana."

"Azakhali, izi n'zakusukulu, ingondibwerekani nsapato zanu zazitali zija."

Kalasi inali pakhonde la kuseri kwa shopu ya mayi Rozina, mkulu wa gululo, mayi wathupi wa mawu otsika. Amayiwo anali atakhala pamabenchi, zitenje zowala, ndolo zikung'anima, ndipo nditalowa onse anaimirira n'kunditcha "pulofesola". Ine pulofesola! Misozi inalengeza. Mayi Rozina anandipatsa madzi akumwa n'kundilonjera m'Chisena. Yankho linafika pamilomo, ndinalimeza pamodzi ndi madziwo, n'kupukusa mutu mwaulemu.

"English only, please."

Anayang'anizana. Ine ndinatembenukira kubolodi, ndipo kumbuyo kwanga nkhani zinayamba, m'Chisena chomveka bwino.

"Nsapatozo n'zobwereka. Taonani akuyenda ngati bakha."

"Koma mano ali nawo abwino. Mwana wanga wa ku Beira uja sanakwatiretu."

Makutu anatentha, koma ndinalimba mtima. Ndinanyamula chikwama changa n'kuwauza dzina lake pa Chingerezi, iwo n'kubwereza mokoma ngati kwaya. Ndinaona kuti ntchito ndaipeza.

Ndikulemba pabolodi, ndinamva mayi Rozina akulankhula chapansipansi.

"Amayi, musachite phokoso. Chinkhanira chikukwera siketi ya a pulofesola kumbuyoku. Tiwauza bwanji poti samva?"

"Chachikulu?"

"Chakuda chija cha m'nkhuni."

"Kodi chinkhanira pa Chingerezi n'chiyani?"

"Sanatiphunzitse."

"Ndiye tidikire, mwina afika pa zinyama."

Choko chinaima m'dzanja. Ndikatembenuka, adziwa kuti ndikumva, ndipo ndibwerera ku Bangula kukauza tchalitchi chonse kuti kunja kwandikana. Ndikapanda kutembenuka, ndilumidwa. (Amene sanalumidwepo ndi chinkhanira cha kuchigwa kuno asandiweruze.) Ndinasankha ntchito. Ndinapitiriza kulemba, thukuta likutsika msana, zilembo zikupendama ngati mpanda wabango pamphepo.

"Chafika pati?"

"Chadutsa bondo."

Ndinayamba kuchimva ndithu, timiyendo take tikukanda nsalu. Ndinatchula liwu lina la Chingerezi, mawu anatuluka ngati a kambuzi. Amayi aja anabwereza mwaulemu.

"Eee, chakweza mchira."

Zimene zinatsatira sindizikumbuka mwadongosolo. Ndikudziwa kuti nsapato imodzi inakagwera m'beseni la ufa. Ndikudziwa kuti ndinapezeka pamwamba pa benchi ndikukung'untha siketi, ndikukuwa Chisena chenicheni cha pamsika wa nsomba: "Mama ine! Chiri kupi? Bulusani! Bulusani!"

Palibe amene anadzuka kudzachichotsa. Ena anali atagwa pansi ndi phwete, wina akupukuta misozi ndi mpango wa kumutu. Chinkhanira panalibe.

"Tsika, mwananga, ungathyole benchi," anatero mayi Rozina. "Madzi aja unalandira ndi manja awiri, bondo litapinda, milomo ikunena 'takhuta', zikomo wa Chisena, popanda mawu. Ine nthawi ya nkhondo tinathawira kwanu, ndinakulira kwa Tengani. Mwana wa ku Shire ndimamudziwa ali patali."

Ndinatsika, phazi limodzi lili losavala, n'kuyamba kulongedza chikwama. Ndinkalingalira kale zokanena kwa amayi anga ku Bangula.

"Ukupita kuti?" anafunsa mayi Rozina. "Tinali ndi wina kuno wa Chingerezi chokhachokha, ankangotizunguza mitu, sitinatolepo kanthu. Ife tikufuna wotimasulira m'chathu. Tenga nsapato yako m'ufamo, uyambe ndi kutiuza chinkhanira pa Chingerezi. Tsiku lina chidzakhala chenicheni."

Ntchito ndinaipeza choncho, ndipo masamu ndikubwereza chaka chino. Amayi aja ndimawaopa ndi kuwasirira mpaka pano. Amadutsa malire a mayiko ndi zikwama zolemera kuposa ine, ndiye ine ndinkati ndiwapusitsa ndi nsapato zobwereka. Pamsika wonse ndimadziwika kuti pulofesola Chinkhanira, ndipo ndikamalemba pabolodi ndimaima chammbali.

Koma ndikapita ku Bangula patchuthi, ndimanenabe kuti ndimagwira ntchito kunja. Za kabaza sinditchula.