Malume paphewa la Sajeni Nabanda

Mukadzafika kwathu ku Ludzi n'kumva anthu akunong'ona kuti "Katundu wa Sajeni uyo" munthu wadazi akudutsa, musadzavutike kufunsa. Munthuyo ndine, ndipo dzinalo ndinaliitana ndekha ndi pakamwa pangapa.

Zinayamba ndi Tiyamike, mwana wamkazi wa mlongo wanga. Atakhoza Fomu 4 anadzagwada kuti akufuna kukalembetsa usilikali, osati wa muofesi, koma wogwira mfuti kutsogolo kwenikweniko. Mukudziwa kwathu kuno, mwana wa mlongo sasuntha malume asanalole. Ine ndinakana. (Zoona zake n'zoti ndinkaopa kudzalandira bokosi lokutidwa mbendera. Koma mwamuna wamkulu anganene kuti akuopa? Ndinasankha kulalata.)

Ndinakalalatira pabawo. "Akazi a usilikali ndi maluwa a paperete basi! Mtunda amawachepetsera, katundu amawachepetsera. Ine ndi zaka zangazi nditha kuwasiya kumbuyo."

Sindinadziwe kuti mayi wa chitenje amene ankasankha tomato kumbuyo kwanga anali Nabanda, mwana wa aneba, sajeni amene anabwera kutchuthi kuchokera komwe zipolopolo zimalira.

"A malume a Tiya," anatero, mpaka kupinda bondo, "kuntchito kwathu chikwama sichifunsa ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi. Loweruka m'mawa tidzayese, katundu wofanana, mtunda wofanana. Mukandisiya, Tiya aiwale za usilikali. Ndikakusiyani, mumulola apite."

Anzanga a bawo anasiya kuthira nkhomo n'kundiyang'ana. Pakamwa panavomera mutu usanafunsidwe.

Lowerukalo mlongo wanga anayeza ndowa imodzi ya chimanga m'thumba lililonse. Mtunda unali kuchokera pamjigo kukafika pakamlatho ka kudambo n'kubwerera. Ndinakayikira kuti thumba la Nabanda muli madeya, ndiye ndinalamula kuti tisinthane. Anavomera akumwetulira. Tinamangirira matumba kumsana, mlongo wanga n'kuwomba m'manja.

Ndinanyamuka ngati njinga yopanda mabuleki. Nabanda ankabwera pang'onopang'ono kumbuyo, akuimba kanyimbo. Tisanafike n'komwe kudambo, pachifuwa panga panayaka moto. Anandidutsa n'kundipatsa moni, "Mwadzuka, a malume?" ngati takumana kumsika.

Apa satana anandinong'oneza. Nabanda atakhota, ndinaboola kona ya thumba ndi kamtengo kuti chimanga chiziwayika. Nzeru inali yabwino, koma ndinaiwala kuti m'mudzi muli nkhuku. Nditacheuka, nkhuku za nyumba zitatu zinali pambuyo panga mumzere, tambala patsogolo. Poti ndizikuse ndi mwendo, mtsempha unakoka, ine phii! m'mizere ya mbatata ya eni ake, thumba pamwamba, nkhuku zikudyera pamsana panga.

Nabanda anandipeza pobwerera. Anayang'ana bowo lija, anayang'ananso nkhuku.

"Pitirirani, mwapambana," ndinatero. "Ine ndipume kaye."

"Ayi, a malume. Kwathu mnzako akagwa sumusiya."

Ndisanatsutse ndinangoona dziko lazondoka. Anandipingasa pamapewa, mutu uku miyendo uko, thumba lake likadali kumsana, n'kuyamba ulendo. (Ndinayesa kukomoka dala kuti manyazi achepe, koma kanyimbo kaja anakayambanso, ndipo munthu sungakomoke bwino wina akuimba.)

Pamjigo panali amayi otunga madzi, anzanga a bawo, ngakhale akatekisiti. Nthungululu zinalira. Mayi wina anamasula chitenje n'kufuula, "A Sajeni, tengani ichi mumubereke bwino, angagwe mwanayo!"

Amene sanaseke ndi Tiyamike yekha. Anabwera ndi madzi m'kapu, n'kugwada pomwe anandikhazikapo. Pamenepo mawu amene ndinkabisa aja anatuluka okha.

"Iwe, ine ndimaopa. Ukakagwa kumeneko?"

"Akanditola, malume, ngati mmene akutolerani inumu."

Mantha sanathe, mpaka lero alipo, koma mapewa amene angamunyamule ndinali nditawayesa ndekha. Ndinamulola.

Pano Tiyamike ali kumaphunziro a usilikali, akunyamula chikwama chofanana ndi cha amuna. Ine pabawo ndimanenabe kuti chinandigwetsa ndi nsapato. Koma ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndacheuka kaye, kuona amene akusankha tomato.