Tsiku Limene Ndinali Kromozomu Yopanda Chingwe

Buluku langa laukwati silinafe imfa yabwino. Linafera pabwalo la mpira wa manja, pamaso pa ana makumi atatu ndi abwana anga, ndipo wolipha ndine.

Ndinali mphunzitsi wa bayoloje pa sukulu ina ku Woodlands, koma wongoyesedwa. Miyezi isanu ndi umodzi inali kutha, ndipo ahedi athu, mayi osaseka wamba, anati Lachinayi adzaonera phunziro langa kuti aone ngati ndikhale kapena ndinyamule katundu. Kunyumba ku Chilenje ndinali ndi mkazi ndi khanda la miyezi itatu, Dalitso. Ntchito imeneyo ndinkaifuna ngati mpweya.

Mutu wa sabata imeneyo unali moyo wa selo: momwe limakulira, kukopera makromozomu ake kuti akhale awiriawiri, kenako kugawikana pakati. Mphunzitsi wanzeru akanajambula pabolodi n'kupita kwawo mwamtendere. Ine ndinafuna kutchuka (matenda anga akale amenewo). Ndinati ana adzasewera selo lenilenilo panja.

Ndinajambula bwalo lalikulu ndi laimu. Ana asanu ndi atatu anakhala makromozomu, awiriawiri, omangidwa pamodzi m'chiuno ndi chitenje. Aliyense anali ndi chingwe chake: wina chopita kumapeto kuno, mnzake chopita kumapeto uko, kumene kunaima anyamata amphamvu okoka. Mfundo ya chitenje ndinaimanga mwaluso kuti izimasuka yokha awiriwo akakokedwa mbali zonse ziwiri. Anayi uku, anayi uko, maselo awiri ofanana. Zingwezo, pepani, ndinadula pa chingwe choyanikira zovala cha mkazi wanga osamuuza.

Mbali imene ndinkanyadira inali ya mlonda. Selo siligawikana mwachisawawa. Limaima kaye n'kuyendera ngati kromozomu iliyonse yagwidwa ndi chingwe chake, ndipo ikasowa imodzi yokha, zonse zimadikira. Udindowu ndinapatsa Tionenji, mtsikana wamfupi wa ku Kabwata amene ngakhale aphunzitsi tinkamuopa pang'ono. Ndinamupatsa wezulo n'kumulumbiritsa pamaso pa anzake.

"Usalize ngati pali kromozomu ilibe ntambo. Olo ba hedi bakambe. Olo ine nikambe."

"Olo imwe, ba ticha?"

"Olo ine!" ndinatero, ndikudzigunda pachifuwa.

Tinayeserera kawiri, zonse zinayenda mwaukhondo.

Lachinayi m'mawa ndinavala buluku lija, ndinanyamula chikwama cha zingwe, ndikuthamangira basi. Mkazi wanga anaima pakhomo, mwana ali kumsana.

"Atate ake Dali, mwaviona bwino vintu vanu mu chola?"

"Vonse vili che, mami, nachedwa," ndinayankha ndikumulambalala.

(Amayiwa anali atapeza chingwe chawo chili zidutswa m'chikwama, natengapo chimodzi kuti ayanikepo matewera. Ankafuna kundiuza. Ine ndinali ndi zazikulu.)

Pabwalo, ahedi anakhala pampando pansi pa mtengo, kabuku pamwendo. Chiyambi chinali chokoma. Selo linakula, ana akufutukuka. Makromozomu anakoperedwa, aliyense akuitana mnzake. Anafola mzere pakati. Ndinayamba kugawa zingwe: chimodzi, ziwiri, zitatu, mpaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapisanso dzanja m'chikwama, ndinangopezamo choko.

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Apa munthu woona mtima akanati, "Ana inu, taonani, chingwe chasowa, selo laima." Likanakhala phunziro lokoma kuposa limene ndinakonza. Ine ndinaganiza zobisa. Ndinatulutsa mwana amene analibe chingwe n'kulowa m'malo mwake, ndikumwetulira ngati ndi mmene ndinakonzera. Maganizo anga anali oti wezulo akalira ndidzangoyenda ndekha kupita kumbali yanga, palibe adzadziwe. Anandimanga chitenje pamodzi ndi Mubita, mnyamata wa chifuwa ngati chitseko.

Tionenji anayamba kuyendera, akukoka chingwe chilichonse kuti amve ngati chalimba. Atafika pa ine anandizungulira kawiri.

"Ba ticha, mulibe ntambo."

"Liza chabe, iwe," ndinanong'ona.

"Awe."

"Tionenji, taimu yasila. Ba hedi bali kuyangana."

"Munakamba mweka ati olo imwe mukambe."

Ananena mokweza ngati akulengeza kutchalitchi. Ahedi anakweza mutu. Belu linali pafupi kulira, ndipo ine ndinaona ntchito yanga ikutha selo lisanagawikane. Ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi: ndinatsomphola wezulo m'manja mwa mwana wa eni, ndinaliza ndekha.

Anyamata anakoka. Zitenje zitatu zinamasuka bwinobwino monga ndinaphunzitsira. Chathu ayi. Ndinaiwala luso langa lomwe: mfundo ija imamasuka pokhapokha ikakokedwa mbali ziwiri, ndipo kumbali yanga kunalibe wokoka. Mubita ananyamuka, ine pambuyo pake. Ndinayesa kuthamanga chambali, nsapato inaterereka, ndinakhala pansi. Anyamatawo, poti ndinawauza kuti asasiye mpaka wezulo wachiwiri, sanasiye. Wezuloyo anali m'kamwa mwanga, ndipo ine ndinali wotanganidwa ndi kukuwa.

Ndinakhwekhwerezedwa pafumbi mpaka pafupi ndi mapazi a ahedi. Panjira ndinamva phwee! kumbuyo, kamphepo kakulowa malo amene sikayenera kulowa.

Ana anaseka mpaka ena kugona pansi. Ahedi sanaseke. Anaitana Tionenji.

"Tiuze, chachitika n'chani?"

"Selo iyi ili na faivi, ija ili na fili, madamu. Yonse yabili yaonongeka. Maselo ya so yamafa, olo yamayamba kuchulukana mosamvela, ndiye vimayambilako votupa monga khansa."

"Manje pulobulemu inali pati?"

"Mlonda anakana, madamu. Koma ba ticha banamupoka wizilo."

Ndinaimirira nditadzikulunga chitenje chomwe chinatimanga chija, cha mayi ake a Mubita. M'chitenjemo ndi mmene ndinalowera mu ofesi ya ahedi masana ake, ndikuganiza zokamuuza mkazi wanga.

Ahedi anandifunsa za Tionenji.

"Uja mwana, anamuphunzisa ndani kukana so?"

"Ndine, madamu."

"Munamuphunzisa bwino. Kilasi yonse yamvela. Amene sanamvele ni umozi chabe, ndipo ali mu ofesi yanga."

Ntchito anandipatsa, koma ndi lamulo: wezulo azikhala pakhosi pa mlonda, pa kachingwe kafupi.

Kunyumba, mkazi wanga anatambasula buluku lija, nasuzumira pabowo, nandiona kutsidya kwake. Anangoti, "Nenze ninaimilila pa chitseko."

Seweroli ndimachititsabe chaka chilichonse, ndipo zingwe ndimawerenga katatu ndisanachoke panyumba. Koma chaka chatha mlonda anachedwa kuliza, belu lili pafupi, ndipo ndinangoona mwanayo akubwerera m'mbuyo atafumbata wezulo pachifuwa. Nditayang'ana pansi, dzanja langa linali litanyamuka kale.