Sabata Yodikira Katswiri wa Nyumba Zakale

Lolemba

Uthenga wafika! Katswiri wa nyumba zakale akubwera mawa kuchokera ku Blantyre kudzaona tchalitchi chathu chakale chija. Akachikonda, atipezera anthu otithandiza kuchikonza. Akapanda kuchikonda, akulu a mpingo agwirizana kale zochigwetsa, njerwa zake akamangire zimbudzi za pasukulu.

Ine mtima uli pa njerwa imodzi. Ili kumanja kwa khomo, pamsinkhu wa bondo, ndipo padindika kaphazi ka achimwene anga a Lemani. Anaiponda ili yaiwisi bambo akuumba, nakwapulidwa, koma omanga anaiika pamenepo dala. Achimwenewo anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi. Pano anzawo akubwerako mmodzimmodzi. Nyumba ya makolo inagwa, mtengo wa pabwalo anadula. Tchalitchi chikapitanso, adzadziwira chiyani kuti afika kwawo? Ndawasowa achimwene anga.

Katswiriyo wanenetsa kuti tisakhudze kanthu. A Chimbalanga, mkulu wa mpingo, angoseka: "Mlendo akati musavutike, ndiye kuti gwirani nkhuku."

Lachiwiri

Ndalawirira ndi tsache. Kusesa chabe si kukhudza. Amayi anzanga andiona, nawonso atenga awo. Zomwe tatulutsa:

akangaude
mileme, yomwe yabwereranso
chipewa cha mphunzitsi amene anamwalira kalekale
zitosi za mbuzi za a Nambewe

A Nambewe akuti mbuzizo si zawo, koma pobwerera zikuwatsata pambuyo.

Mlendo sanafike. Wina wochokera kuboma akuti galimoto yawafera ku Zalewa.

Lachitatu

Galimoto ikadali ku Zalewa. Tsoka lake, pamalo poyera ming'alu ikuoneka kuposa kale. Umodzi ukulowa dzanja mpaka chigongono. A Nambewe akuti mlendo akaona zimenezi akatilalika ku Blantyre konse kuti anthu a ku Neno ndi auve. Ndiye amayi tazira pansi, tamata ming'alu ndi dothi.

Abambo achita manyazi poona kuti tikugwira ntchito tokha. Azula chitseko chakale cha mbawa, chosemasema chija, ati chikulira potsegula. Aikapo chamalata. Chakalecho a Chimbalanga achisenza okha kukachisunga kwawo.

Ndawakumbutsa uthenga wa katswiri. Andiyankha kuti masiku ano ndi a ufulu, aliyense ali ndi maganizo ake.

Lachinayi

Chipwirikiti! Bambo wina wa chipani wamva kuti kukubwera munthu wa kamera. Wabweretsa simenti ndi penti ya mtundu wa chipani chake. Dzuwa lisanapendeke, a chipani chinacho amva, abweretsanso yawo. Mkangano pabwalo, anthu obatizidwa tsiku limodzi kulozana zala kumaso. Pomaliza agwirizana: kumaso mtundu wina, kumbuyo mtundu wina, m'mbali adzaona.

Ine ndatenga kampando, ndakhala pafupi ndi njerwa yanga tsiku lonse ngati nkhuku yofungatira mazira. Omata simenti akandiyandikira ndikutsokomola, iwo n'kulambalala. Ndaika chala pakaphazipo. Tizala tisanu, kakang'onoko kopindika monga mmene kanaliri. Kaya pano achimwenewo akuyenda ndi ndodo, kaya ali moyo n'komwe.

Lachisanu

Maliro ku Dambe, apongozi a mwana wanga. Sindingajombe. Ndisananyamuke ndawaonetsa a Chimbalanga njerwayo kawiri, ndawapempha kuti aisamale. Alonjeza atagwira pamtima.

Ndabwerako madzulo. Khoma lonse see, kuyambira pansi mpaka kudenga! Ndafufuza ndi manja, palibe. A Chimbalanga abwera akupukuta thukuta, nkhope ili ngwee.

"Musadandaule, mayi. Pokumbika munandionetsa paja tathirapo simenti yambiri, sipadzavutanso."

Ndawathokoza. Ndikanatani, munthu wagwira ntchito tsiku lonse osadya? Kunyumba ndalira.

Loweruka

Katswiri wafika, fumbi mpaka m'nsidze. Kwaya ikuimba, nkhuku ili pamoto. Iye wadutsa tchalitchi osachiyang'ana n'komwe, wafunsa kuti chakale chija chili kuti. Tamulozera. Wavula magalasi, wawapukuta, wavalanso.

"Ndani wakuchitani zimenezi?"

Tonse pamodzi, monyadira: "Tokha!"

Wakhala pansi pamwala. Akuti njerwa zakale zimafuna kupuma, simenti imazitsekera chinyontho m'kati mpaka kufumbutuka. Ndamufunsa ngati ingamatuke. Akuti ingamatuke, koma ichoka ndi nkhope za njerwazo. Akutinso amene amapereka thandizo amafuna nyumba yooneka ukale wake, pamene ichi chikungooneka ngati golosale.

Chithunzi wajambula chimodzi chokha: chitseko cha mbawa, chomwe wachipeza chikutseka khola la nkhumba kwa a Chimbalanga. Nkhuku wadya. Manachesi tamupatsa dengu lonse, nanga mlendo angabwerere chimanjamanja?

Lamulungu

Alengeza kuti thandizo kulibe, komanso tchalitchi sachigwetsa. Chakongola kwambiri, ndipo wogumula mbali imodzi ayambana ndi chipani. Ndiye chikhala choncho mpaka mvula idzagamule yokha.

Anthu atabalalika ndapita pakhomo paja. Pasimenti ya pansi padindika mapazi a mbuzi, auma gwa. A Nambewe akuti mbuziyo si yawo.

Ndayeza ndi bondo, kumanja kwa khomo, ndakanda kamtanda ndi msomali. Achimwene akadzabwera ndidzawagwira dzanja, ndidzaliika pamenepo, ndidzawauza kuti phazi lawo lili m'katimo. Adzangondikhulupirira basi, poti wina wodziwa kulibenso.