Mavu a Pansi pa Mlatho Wanga

Mlomo wanga unatupa sabata yathunthu, ndipo ondifunsa ndinkangowauza kuti ndi dzino. Lero ndinene zoona.

Mlatho wa pakhwawa la kwathu, panjira ya ku Simlemba, ndinamanga ndine. Mitanda yake ndi ya muwanga. Kale tinkayesa mlatho podutsitsapo ngolo yodzaza mabelo a fodya, woumanga ataima pansi pake. Ukagwa, uyambe kugwera iyeyo. Tsiku loyesa wangawu, mkazi wanga NaBanda anandigwira jekete. "Bambo a Esinati, tulukanimo! Mukafa ndikwatiwa ndi mlatho ine?" Sindinatuluke (sanandiyankhule masiku awiri).

Chaka chatha kunabwera mainjiniya ndi lole ya matumba a mchenga. Anati mlatho ukapindika mopitirira muyeso, augumula. Mlatho umene maliro a NaBanda anadutsapo!

Wowatsogolera anali mtsikana, msinkhu wa mdzukulu wanga. Anaika tizipangizo tonga wotchi kunsi kwa mitanda, n'kuuza aliyense kuti atalikire.

"Agogo, khalani pamthunzi apo."

"Womanga amaima pansi," ndinatero.

"N'zakale zimenezo, agogo. Masiku ano pansi pamaima wotchi."

"Wotchiyo inadulapo mtengo uti?"

Anaseka. Atatembenuka kukodola dalaivala, ndinatsikira m'khwawa (munali mouma, chinali chilimwe) n'kuima pakati penipeni, manja kumbuyo ngati mkulu wa mpingo (ndipo ndine).

Lole inakwera. Mitanda inalira kulira kumene ndimakudziwa. Fumbi linandithothokera m'mutu, sindinasunthe. Kenaka chinthu chinandigwera paphewa. Chisa cha mavu.

Za liwiro langa funsani ena. Ndodo ndinataya, nsapato imodzi inatsala mumchenga, ndipo akuti ndinkafuula kuti, "NaBanda! NaBanda!" (Ine sindikukumbuka, koma onena ndi ambiri.) Pothawapo ndinagunda wotchi imodzi, mpaka anayambiranso kuyesa.

Atamaliza, mtsikana uja anandipeza pamthunzi womwe uja, ndikuona ndi diso limodzi.

"Agogo, mlatho wanu wakhoza. Tingosintha matabwa atatu."

"Awiri," ndinatero, mlomo ukulemera.

Ndinabwerera kunyumba nsapato ili m'manja. Ululu wa mavu ndinaupirira. Chinandivuta n'chakuti pakhomo panalibe wonditonza kuti, "Nanga si ndinakuuzani?"

Mainjiniyawo akadzabweranso, ndidzaimanso pansi. Jekete lomwe lija ndidzavala, ngakhale palibenso woligwira.