Matewera pa waya wa kompyuta

Linali Lachinayi, nthawi itangokwana 8 koloko m'mawa, pamene ndinalakalaka nthaka ya pa Ulongwe itang'ambika n'kundimeza, mwana ali kumsana komweko.

Ndimagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pa shopu ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi simenti. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ntchito yotere siipezeka kawiri. Eni ake, Che Adamu, anandilola kumabwera ndi mwana wanga wakhanda, koma anandiuziratu kuti, "Mayi a Tadala, mwanayo akadzangosokoneza malonda anga, nonse awiri mukakhala kunyumba." Ndinavomera maso ali pansi (ndine wamanyazi chibadwire, ngakhale kusikelo anesi amachita kundifunsa kawiri).

Mu ofesi ya abwana muli makina aakulu ngati kafiriji, osunga zonse za malonda. Makompyuta a pakauntala alibe nzeru zawozawo, chilichonse amafunsa kwa makinawo kudzera pa waya. Awiri ali kutsogolo, ena awiri ali m'nyumba ya feteleza kuseri. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti sapukutidwa ndi nsalu yonyowa.

Pakati pa nyumba ziwirizo panadutsa chingwe chotuwa, pamsinkhu wabwino, padzuwa penipeni. Ndinachikhudza ndi kamtengo, kenako ndi chala. Sichinandigwire. Ndinathokoza mumtima kuti pali munthu woganizira anzake, ndipo ndinayamba kuyanikapo matewera.

Sabata yomweyo makompyuta akuseri anayamba kudwala. Esinati, mtsikana wa pakauntala ya feteleza, amati akutayipa m'mawa, zilembo n'kungouma. Pena zibwerera, pena ayi. Alimi pamzere n'kumang'ung'udza. Abwana amaimbira a Makwinja, katswiri wa makompyuta wa ku Balaka, koma iwo pomatsika minibasi masana amapeza zonse zikuyenda bwinobwino.

"Wodwala wanuyu bwanji amachira akamva kuti dokotala ali m'njira?" ankatero a Makwinja.

Ulendo woyamba anasintha kiyibodi. Kenako anati vuto ndi magetsi, abwana n'kugula chibokosi cha batire. Tsiku lina anakwera kudenga kukasaka makoswe, anatsika ali mbuu ngati achokera kuchigayo. Atasowa chonena anati Esinati amakankha pulagi ndi phazi, moti mtsikana wosalakwayo ankagwira ntchito miyendo ataikira kumbali ngati ali pa kabaza. Ine ndinkawaphikira tiyi n'kumawapepesa kuti, "Pepani bambo, makinawa ndi ovuta." (Ndikunena zimenezo, matewera ouma ndawapinda kale m'chikwama.)

Lachitatu Che Adamu anatopa nazo. "A Makwinja, matendawa mukuchiza kapena mukuweta?"

"Mawa ndilawirira, bwana. Ndimupeze wodwalayo akubuula."

Mwatsoka, Tadala anali atatsegula m'mimba, ndiye Lachinayilo zochapa zinachuluka: matewera, kabulangete, ndi zovala zanga zamkati. Zamkatizo ndinazifunditsa chitenje, monga mmene mkazi aliyense analangidwira. Chingwe chinachita kuwerama.

Makompyuta akuseri anafa onse awiri. A Makwinja anagwada pansi pa kauntala n'kupeza waya atakokeka, watsala pang'ono kuzuka. Anayamba kumutsatira ndi dzanja, pakhoma, pawindo, mpaka panja. Pambuyo pawo panali Che Adamu, ndipo alimi a pamzere nawo analondola, poti panalibe china chochita. Ine ndinali pamenepo ndi tsache langa.

"Ehee! Matenda aja ndi awa!" anafuula a Makwinja. "Zochapa zikakhala zonyowa zimalemera, waya amakokeka. Zikauma amabwerera. Ine ndimafika zitaanulidwa kale!"

Chimwemwe chinawapitirira. Anayamba kuanula okha, thewera limodzilimodzi, n'kumapatsira Che Adamu, omwe ankangolandira posadziwa pokanira. Ndinaona dzanja likuyandikira chitenje. Mumtima ndinakuwa kuti musavundukule, koma pakamwa panangotuluka kachifuwa.

Anavundukula.

Che Adamu anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. A Makwinja anabweza chitenje msangamsanga, chinagwa, anatola, chinagwanso.

"Bambo inu," anatero mayi wina wachikulire amene anabwera kudzagula mbewu, "chitenje cha pachingwe amavundukula? Munakulira kuti?"

"Ndimafuna waya, mayi."

"Nanga mwamupeza mmenemo?"

Alimi anaphulika kuseka. Mayiwo anaanula zotsalazo mobisa, ndipo nthawi yomweyo Esinati anakuwa ali mkati: "Zayaka!"

"Zovalazi n'za ndani?" anafunsa Che Adamu, ngati pashopupo pali makanda khumi. Tadala ndiye anayankha, analira mokweza kumsana kwanga. Ndinagwada pafumbi pomwepo, ndikudziwa kuti ntchito yatha, ndikuganiza zokawauza bambo ake a mwana.

Abwana anayang'ana matewera anali m'manja mwawo, malaya awo oyera atanyowa pamimba. Anapumira m'mwamba.

"Dzukani, mayi. Tinapangana za mwana, ndipo mwanayu sanakhudze waya. Ndikakuchotsani, anthu awa akafalitsa mpaka ku Nkaya kuti Adamu anachotsa munthu chifukwa cha zimene taona apazi. Ine sindinaone kanthu." Kenako anatembenuka. "Inunso a Makwinja, waya wa makina amamanga ngati choyanikira? Mukweze kudenga lero lomwe."

Tsiku lonselo ndinasesa malo opanda anthu okhaokha. Tiyi wa a Makwinja ndinatumiza Esinati, ndipo akuti iwonso anasangalala kuti sindinabweretse ndine.

M'mawa mwake ndinadzera kumsika n'kugula chingwe changachanga, chofiira, choti wina asachisokoneze ndi waya. Mbali imodzi ndinamanga kumtengo wa mango. Mbali inayo panalibe pomanga, kupatula chitsulo chachitali chimene pamwamba pake pali kadishi koloza ku Balaka, waya wake wolowa mu ofesi ya abwana. Ndinayamba ndachigwedeza kaye. Chinali cholimba ndithu, ndiye ndinayanika.