Chilomwe cha Felista

Lolemba

Pabolodi ya ku ofesi ya esiteti amata chikalata. Akufuna kalaliki wa pasikelo, woyeza tiyi amene anthu athyola. Mmodzi yekha! Makalata afike mawa, intavyu Lachisanu. Mvula yayamba, tiyi akuphuka mosaleza, mabwana alibe nthawi.

Ntchito imeneyi iyenera kukhala yanga. Amayi akupuma pa ntchito yothyola tiyi mwezi uno ukatha, ndipo nyumba ya kulaini kuno ndi ya kampani. Pakapanda wa m'nyumba muno kulembedwa, tikutuluka.

Vuto ndi limodzi: Felista wa khomo linalo wachionanso chikalatacho. Felista amene ankakopera masamu kwa ine kuyambira Fomu Wanu! Lero ali ndi foni ya tachi, meshi yatsopano, ndi kaseko kamene kamachititsa akabaza kuiwala mtengo. Ine ndili ndi satifiketi yabwino kuposa yake ndi chipsera cha mbaula pamwendo.

Lachiwiri

Felista wabwera ndi pepala m'manja. "Mnzanga, iwe Chizungu chimakumvera. Undilembereko kalata yanga."

Ndavomera ndi mtima wonse. Mtima woipawo.

Yanga: masamba awiri, mawu akuluakulu a m'dikishonale, ena ngakhale ine mwini sindikuwadziwa.

Yake: mizere isanu. Pansi ndawonjezera kuti amalankhula Chilomwe ndi Chipwitikizi. Mabwana akaone okha kuti uyu ndi wakumudzi weniweni, wongooloka malire dzulo. Zoona zake, Felista Chilomwe amadziwa moni basi. Chipwitikizi amadziwa zikomo yekha, "obrigado" wa osintha ndalama ku Muloza. Wasaina osawerenga.

Chilomwe chenicheni chili m'nyumba muno. Amayi anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo ndicho timalankhula tikatseka chitseko. Koma kusukulu anandiseka nacho mokwanira. M'kalata yanga sichikuponda.

Lachitatu

Mayina atuluka. Tilipo anayi. Ine wachitatu. Felista woyamba!

Ndadzitonthoza kuti atsata alifabeti. Kenako ndakumbukira kuti dzina langa limayamba ndi A.

Wandikumbatira pabolodi pomwepo, anthu akuona. Akununkhira bwino. Zimenezonso zandinyansa.

Lachinayi

Zokonzekera:

Siketi yakuda ya achemwali a ku Chinakanaka. Ndi yothina, ndizikapuma mosamala.
Nsapato. Chidendene chimodzi chikugwedera, ndizikaima ndi mwendo wamanzere.
Fotokope ya satifiketi ku Chonde. Magetsi athima nditangofika, ndadikira mpaka masana.
Kuyeserera kunena "gudu moningi" pagalasi. Amayi akufunsa ngati ndadwala.

Pachingwe cha kuseri Felista wayanika bulawuzi yoyera, yamabatani ngati ngale. Ndapempha Mulungu kuti agwetse mvula. Wayankha! Koma Felista anali atachotsa kale. Yanyowa ndi siketi ya achemwali.

Lachisanu

Ndalowa m'chipinda cha intavyu.

Mabwana atatu kuseri kwa tebulo, wapakati ndi mayi wamagalasi wochokera ku Lilongwe. Masamu ndakhoza onse. Makilo, kuchotsera kulemera kwa dengu, zonse ngati madzi. Kenako mayi uja:

"Chilomwe mumalankhula?"

Ine, ndi mphuno m'mwamba: "Ayi bwana, ine ndi Chizungu ndi Chichewa basi."

"Pepani," akutero. "Nyengo ino othyola ambiri ndi a kutsidya kwa malire. Pasikelo pamabuka mikangano chifukwa kalaliki samvana nawo. Tikufuna womva chilankhulo chawo."

Ndayesa kubweza: "Kungoti ndimamvako pang'onopang'ono…" Mayi uja anali akulemba kale, osadzutsanso mutu.

Felista watuluka akuseka. Akuti anamuuza kuti alankhuleko, iye n'kungoti "Moseliwa!" mokweza, ngati akulonjera agogo kumunda. Mwa mabwana atatuwo palibe womva Chilomwe. Onse anagwedeza mitu mokhutira.

Pobwerera chidendene chija chathothoka pamlatho.

Loweruka

Foni yanga ndaitchaja, ndaiika pawindo pomwe netiweki imagwira. Zii. Ndaizimitsa, ndaiyatsanso. Zii.

Yalira ndi ya kuseri kwa khoma. Kenako nthungululu! Laini yonse yatuluka, ngakhale agalu.

Amayi ake a Felista abwera ndi zinanazi ziwiri zazikulu. "Mwanawe, Mulungu akudalitse. Akuti kalata yako ija ndi imene yagwira ntchito, makamaka mzere womalizawo." Ndalandira ndi manja awiri, nditagwada. Ndikanatha kuziponya mumtsinje.

Atachoka, amayi andifunsa kuti ineyo funso la Chilomwe ndinayankha chiyani. Ndanena zoona. 

"Ndiye m'nyumba muno ine ndimalankhula nawe chiyani? Chitchaina?"

Sanakalipe. Angomanga chitenje n'kupita kugolosale kukapempha makatoni olongedzera katundu. Bola akanandimenya.

Lamlungu

Kutchalitchi Felista wapereka umboni. Dzina langa walitchula kawiri. Anthu atembenuka kundiombera m'manja, ine n'kumamwetulira ngati wodwala dzino.

Masana wabwera ndi kope latsopano ndi bolopeni. Meshi ija ili mbali, maso ofiira.

"Mnzanga, ndikuyamba mawa sikisi koloko. Ndiphunzitse Chilomwe, apo ayi andichotsa."

Ndaganiza zomuphunzitsa zotukwana zokhazokha, akalonjere nazo akapitawo onse. Koma momwe zinthu zikuyendera sabata ino, akhoza kumukweza kukhala manejala.

Takhala pamakatoni a amayi. Tayamba ndi kuwerenga, wani mpaka teni. Ine ndikutchula, iye akulemba molakwika. Amayi ali kukhitchini akukulunga mbale m'nyuzipepala, ndipo ndikumva akundikonza katchulidwe chapansipansi.