Mmene Yotamu Anasandukira Mtumiki wa Paphiri

M'mudzi wina umene dzina lake sititchula, poti eni ake akali moyo ndipo sachedwa kupsa mtima, munali phiri limodzi ndi munthu mmodzi amene ankadyera phirilo. Munthuyo anali Yotamu Kamphulusa. Ntchito yake inali yoperekeza alendo kukwera phiri, makamaka anthu a m'tauni aja amene amalipira kuti atope. Ankawaonetsa phanga la mileme, kuwakoka dzanja pathanthwe loterera, n'kuwatsitsa amoyo. Ana ake ankadya thukuta la anthu amenewa.

Ndiye kunagwa mliri wa Kolona. Mudzi unasankha Komiti Yapamwamba Yoona za Mliri ndi Zoopsa Zina Zonse. Wapampando anali a Gwedeza, amene kale ankagulitsa mankhwala a makoswe pamsika, ndiye anthu anati zachipatala akuzidziwa. Komitiyi, anthu makumi awiri ndi atatu, inadzitsekera m'kakalasi ka mawindo osatseguka mpaka zakumwa zinatha, ndipo inapeza kuti malo oopsa kwambiri m'mudzimo ndi pamwamba pa phiri, pamene mphepo imaomba mbali zonse.

Poyamba anamulamula Yotamu kuti aike ndowa ya mpopi ndi sopo pansonga penipeni. Anasenza. Kenaka anati asamagwirenso alendo dzanja. Anadula nsungwi yowakokera. Kenaka anati aliyense akwere atavala masiki, ndipo mphunzitsi wina wonenepa anakomoka asanafike ndi pakati pomwe. Sabata yachitatu anangomuitanitsa.

"A Kamphulusa, phiri tatseka," anatero a Gwedeza.

"Mwatseka bwanji, bwana? Lili ndi chitseko?"

"Musachite mwano. Zosangalatsa zonse zaletsedwa. Zololedwa ndi maliro ndi mapemphero basi."

"Nanga ana anga adya chiyani?"

"Funso limenelo ndi la komiti ina. Sinasankhidwe."

Yotamu anakhala pakhonde miyezi iwiri akuliyang'ana phiri ngati mkazi amene anamukana. Mbuzi anagulitsa, njinga inatsatira. Mkazi wake Nankhoma, mayi wosadziwa kunong'ona, anatopa nazo.

"Abambo ake Tereza, phiri lomwelo a mpingo wa zovala zoyera akukwera Lachisanu lililonse, chikhamu, wowafunsa palibe. Kusiyana kwa inu ndi iwo n'chiyani? Si nsalu basi?"

"Iwe, ine vesi ndimadziwa limodzi lokha, lija la mapiri."

"Ndiye mukufuna angati? Phirilo si limodzinso?"

Tsiku lomwelo Nankhoma anayalula bedi shiti yoyera pabedi n'kusoka mkanjo. Yotamu anatembenuza chikwangwani chake n'kulemba kumbuyo kuti PHIRI LA MAYANKHO, MTUMIKI Y. KAMPHULUSA. Njira inali yomweyo. Phanga la mileme linasanduka Chipinda cha Kusala. Kukoka munthu pathanthwe, kumene kunali mlandu, tsopano kunali kusanjika manja. Anthu a m'tauni, amene anali atatopa kuyang'anizana ndi akazi awo m'nyumba, anabwera ndi maminibasi. Ankaimba kolasi imodzi patsinde, kukwera, kujambulitsa pansonga, n'kutsika akuchitira umboni kuti thupi lapepuka. Inde linkapepuka, nanga munthu wakwera phiri.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kunabwera kalata ya chidindo yonena kuti Komiti yonse ikwera phiri Loweruka kudzaonana ndi Mtumiki. Yotamu anaiwerenga kawiri. Anadziwa kuti akamufunsa vesi lachiwiri, mkanjo ubwerera pabedi ndipo phiri alitsekeratu mpaka kalekale.

"Ndithawire kwa malume," anatero.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," anayankha Nankhoma akusita mkanjowo. "Valani."

Loweruka Komiti inakwera yonse, mothithikana, masiki ali pachibwano. Pathanthwe loterera a Gwedeza anatambasula okha dzanja. Atafika pansonga n'kupeza mpweya, anamukokera Yotamu kuseri kwa mwala.

"A Kamphulusa, pepani, a Mtumiki. Ife tikudziwa kuti dzana lomweli munali woperekeza alendo wamba."

"Bwana, ndilongosole..."

"Musalongosole. Mulungu amatola aliyense. Ife tamva kuti pano zinthu zimayankhidwa, ndiye tabwera ndi nkhawa." Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Akuti odwala achepa. Mwezi wamawa makomiti akhoza kuthetsedwa, ndipo alawansi ya misonkhano ithera pomwepo. Ine nyumba yafika pamawindo, malata sindinagule. Mlembi wathu wangokwatira kumene mkazi wachiwiri. Tatipemphererani, a Mtumiki. Kamliri aka kasaphe munthu ayi, ife si afiti. Koma kasafulumirenso kuchoka."

Yotamu anasuzumira kumunsi. Patsinde pa phiri maminibasi atatu anali akutsitsa anthu, ochuluka kuposa amene ankawaona chaka chathunthu mliri usanabwere.

"Gwadani, bwana," anatero. "Itananinso anzanuwo."

Anagwada onse makumi awiri ndi atatu, atagwirana manja. Ndipo chivalireni bedi shiti ija, limeneli ndi tsiku loyamba limene Yotamu anapemphera zochokera pansi pa mtima.